Galimoto ikamawira, yambani mwafunsa kuti imawira nthawi yanji

Mwezi wa Okutobala ukafika, m'mbali mwa misewu ikuluikulu ya dziko lino mumachuluka galimoto zotsegula boneti. Pa chitunda chochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre, pa Chiweta m'boma la Rumphi, ngakhalenso pa Khwekhwelere pokwera kuchokera ku Golomoti, si zachilendo kupeza dalaivala ataima ndi chigubu cha madzi m'manja, nthunzi ili tolotolo. Ambiri amaloza chala dzuwa. Koma injini imene njira yake yoziziritsira ili bwino imakwera chitunda masana a Okutobala singano ya geji ili pakati. Kutentha kwa kunja kumangoulula vuto limene linalipo kale.

Kuwira kwa injini kuli ngati kutentha thupi kwa munthu. Si nthenda payokha, ndi chizindikiro chabe, ndipo zoyambitsa zake n'zosiyanasiyana: china chimatha ndi chivundikiro chatsopano cha rediyeta, china chimafuna kutsitsa mutu wonse wa injini. Tsoka lake n'lakuti eni galimoto ambiri amayamba ndi kugula. Lero rediyeta, mawa pampu, mkuja gasiketi, galimoto n'kumawirabe. Makaniko wodziwa ntchito yake sayamba ndi sipanala. Amafunsa kaye kuti galimotoyo imatentha liti: pamene galimoto zathithikana m'tauni, pa liwiro, pa chitunda, kapena patangopita mphindi zochepa chiyilizireni. Yankho la funso limeneli limachotsa zokayikitsa zambiri boneti isanatsegulidwe n'komwe.

Kumene kutentha kumapita

Mafuta akamayaka m'masilinda, moto wake umapyola madigiri 2,000, pomwe aluminiyamu, amene amapangira mitu ya injini zambiri za masiku ano, amasungunuka pa madigiri 660. Mwa mphamvu yonse imene ili mu petulo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndilo limazungulitsa matayala. Gawo lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi, ndipo lotsalalo liyenera kunyamulidwa ndi madzi.

Madziwo amayenda m'timipata ta mkati mwa injini mokankhidwa ndi pampu, n'kupita ku rediyeta kumene amadutsa m'timachubu topyapyala tolumikizidwa ndi tizipsepse ta chitsulo. Mphepo ikamawomba tizipsepseto imatenga kutenthako, madzi n'kubwerera m'injini atazizirako. Galimoto ikamathamanga, mphepo imalowa yokha kutsogolo. Ikaima, ntchitoyo imatsalira fani.

Pa njira ya pakati pa injini ndi rediyeta pali kachitseko kotchedwa thermostat. Injini ikakhala yozizira kamakhala kotseka kuti madzi azingozungulira mkati mpaka atenthe. Kamayamba kutseguka pakati pa madigiri 80 ndi 90, ndipo pa galimoto zambiri za ku Japan nambala imene yadindidwa pa kachitsekoka ndi 82. Injini imagwira bwino ntchito ili yotentha ndithu, cha m'madigiri 85 mpaka kupyolako pang'ono 100.

Apa ndi pamene chivundikiro cha rediyeta chimaonetsa kufunika kwake, ngakhale kuti ndi chipangizo chimene anthu amachinyoza kuposa zonse. Madzi a mumphika amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Kumalo okwera amawira msanga: ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mizinda imene ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,000, amawira cha m'madigiri 96 kapena 97, ndipo ku Dedza amawira asanafike n'komwe pamenepo. Chivundikirocho chili ndi sipuling'i imene imapanikiza madzi mkati, ndipo madzi opanikizidwa amachedwa kuwira. Nambala ya 0.9 kapena 1.1 imene imalembedwa pamwamba pake ndi muyeso wa puresha imeneyo, imene imakweza malire a kuwira kufika cha m'madigiri 120. Labala wa chivundikiro akang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, malirewo amatsika kubwerera pa 96, pamene injini yabwinobwino imafika tsiku ndi tsiku. Galimoto yotero imataya madzi popanda pena paliponse pobooka.

Ikatentha pa mzere, n'kuzizira ikathamanga

Galimoto imene singano yake imakwera m'mawa pamene magalimoto athithikana pa msewu wa Masauko Chipembere ku Blantyre kapena polowa mu Old Town ku Lilongwe, koma n'kutsika msewu ukatseguka, ikuloza chinthu chimodzi: mphepo. Madzi alimo, pampu ikukankha, rediyeta ikugwira ntchito ikapeza mphepo. Chimene chasowa ndi fani.

Pa galimoto zing'onozing'ono fani imayendera magetsi, ndipo imadzuka yokha madzi akayandikira madigiri 100. Njira yachidule yoyesera ndiyo kuyatsa AC injini ikulira, chifukwa pa galimoto zambiri fani imayenera kuzungulira AC ikangoyaka. Ikapanda kuzungulira, kufufuza kuyambire pa zotsika mtengo: fyuzi, relay, ndi mawaya amene athothoka kapena achita dzimbiri. Mota ya fani ibwere pamapeto. Ikazungulira ndi AC koma osadzuka yokha injini ikatentha, wokayikitsa ndi sensa imene imayeza kutentha kwa madzi. Palinso fani imene imazungulira koma mofooka chifukwa mota yatha, ndipo imeneyi imanyenga ambiri poti diso limaiona ikuyenda.

Pa ma pickup ndi minibasi zambiri za dizilo, fani imazungulitsidwa ndi lamba kudzera pa kachipangizo kokhala ndi mafuta olimba mkati, kamene kamagwira mwamphamvu kakatenthedwa. Mafutawo akatha, fani imangoyenda mwaulesi. Injini ili yotentha koma yozimitsidwa, faniyo iyenera kukaniza pang'ono poikankha ndi dzanja. Ikazungulira momasuka ngati gudumu la njinga, kachipangizoko katha. Chimango cha pulasitiki chozungulira fani nachonso si chokongoletsa. Chikasweka kapena chikaiwalika pobwezeretsa, fani imakoka mphepo ya m'mbali m'malo moikoka kupyolera mu rediyeta.

Chenjezo limodzi: fani ya magetsi imatha kudzuka yokha ngakhale injini itazimitsidwa. Zala, tayi ndi mikono ya malaya zitalikire.

Ikatentha pa liwiro kapena pa chitunda

Mbali iyi ndiyo imadyera anthu ndalama zambiri, chifukwa galimoto imaoneka yabwino m'tauni ndipo ku galaja sionetsa vuto. Imadikira ulendo wa ku Mangochi kapena wa ku Karonga, itanyamula banja ndi katundu. Tanthauzo lake n'lakuti njira yoziziritsira ikukwanitsa ntchito yaing'ono koma ikulephera yaikulu. Fani pano ilibe mlandu, poti pa liwiro mphepo imabwera yokha.

Woyamba kukayikiridwa ndi rediyeta, ndipo imatsekeka pawiri. Kunja, fumbi la m'chilimwe, matope a dzinja, tizilombo ndi njere za udzu zimamata tizipsepse. Kutsogolo kwa rediyeta kumakhala chipangizo china chofanana nayo, cha AC, ndipo zinyalala zambiri zimabisala pakati pa ziwirizi pamene diso silifika. Kuwalitsa tochi kuchokera kumbuyo kumaonetsa ngati kuwala kukudutsa. Potsuka, madzi achokere mbali ya injini kupita kutsogolo, ndipo asakhale amphamvu kwambiri. Makina otsukira galimoto opopera mwamphamvu amagoneka tizipsepseto, n'kutseka mphepo kuposa mmene matope anatsekera.

Kutsekeka kwa mkati ndiko kumachokera pa chizolowezi chathu chothira madzi wamba. Madzi a pa mjigo ndi a pa chitsime kawirikawiri amakhala ndi mchere wa m'nthaka umene umakanirira akatenthedwa. Aliyense amene anayang'anapo mkati mwa ketulo yakale akudziwa zoyera zimene zimamera m'menemo. Zomwezo zimamera m'timachubu ta rediyeta, timene mpata wake ndi wochepa kwambiri. Kuonjezera apo, madzi wamba amadya chitsulo, ndipo dzimbirilo limayenda n'kukatseka timachubu tomweto. Injini itatentha n'kuzimitsidwa, kuyendetsa dzanja mosamala pankhope pa rediyeta, kapena kuyeza ndi kachipangizo koyezera kutentha patali kamene magalaja ena ali nako, kumaonetsa zigawo zozizira pakati pa zotentha. Zozizirazo ndi timachubu takufa. Rediyeta zakale za mkuwa zimatheka kumasula n'kutokosa. Za masiku ano, za aluminiyamu ndi mitu ya pulasitiki, zikatsekeka kwambiri n'kwabwino kusintha, ndipo pulasitiki yake ikasanduka yofiirira ngati khofi ndiye kuti yakalamba, ikhoza kung'aluka tsiku lililonse.

Pampu nayo imatha mwakachetechete. Timapiko take timadyeka ndi dzimbiri mpaka kutsala tizidutswa, kapena timaterereka pa mtengo wake, kotero kuti kunja pampu ikuzungulira koma mkati sikukankha madzi okwanira. Payipi ya pansi pa rediyeta, imene pampu imakokeramo madzi, ikafewa ndi ukalamba imaphwafuka injini ikalira mwamphamvu, n'kubwerera mwakale ikatsika. Munthu mmodzi akaponda mafuta wina akuyang'ana, zimaoneka.

Pali nthawi zinanso pamene njira yoziziritsira ilibe vuto koma injini ikupanga kutentha kopyola muyeso. Mabuleki ogwira, katundu wopitirira, oyilo wochepa, ekizozi yotsekeka ndi taimingi yolakwika zonsezi zimalemetsa injini. Kukwera chitunda pa giya yaikulu injini ikubuula kumachedwetsa pampu pa nthawi imene ikufunika kuthamanga, choncho kutsitsa giya kumathandiza. Pa galimoto zambiri za automatic, mafuta a giyabokosi amaziziritsidwira mu rediyeta yomweyo, ndipo giyabokosi yoterereka imathira kutentha kwake m'madzi a injini.

Ikatentha itangolizidwa kumene

Singano ikafika pofiira pasanathe mphindi khumi, madzi sakuyenda. Mwina mulibe, mwina thermostat yakanirira ili chitsekere, mwina pampu yaima. Payipi ya pamwamba pa rediyeta imayankha funsoli: geji ikamaonetsa kutentha koma payipiyo ndi rediyeta zili zozizira, madzi otentha atsekeredwa m'injini. Pa injini zina thermostat imakhala ku payipi ya pansi, ndipo pamenepo ya pansiyo ndiyo imakhala yozizira kwambiri pomwe injini ikuwira. Thermostat yokayikitsa imayesedwa mophweka. Imachotsedwa n'kuikidwa mumphika wa madzi pamoto, ndipo iyenera kutseguka madziwo asanawire.

Nyali ya batire ikayaka mwadzidzidzi, chiwongolero n'kulimba, singano n'kuyamba kukwera, lamba waduka. Pa injini zambiri lamba mmodzi yemweyo amazungulitsa alternator ndi pampu ya madzi. Galimoto yotero iime pomwepo, ngakhale kunyumba kukuoneka.

Za kuchotsa thermostat

Pali chikhulupiriro chofala m'magalaja athu chakuti thermostat inapangidwira mayiko ozizira, ndipo galimoto ikangofika kuchokera ku Japan iyenera kuchotsedwa. Chikhulupirirochi n'cholakwika, ndipo chawononga injini zambiri mwapang'onopang'ono. Thermostat yabwino siyambitsa kuwira: injini ikatentha imakhala yotseguka kale. Ngati galimoto ikuwira thermostat ikutseguka bwino, vuto lili kwina, ndipo kuichotsa kumangolibisa kwa kanthawi.

Choipa chake chimabwera pawiri. Injini yopanda thermostat imachedwa kutentha, makamaka m'mawa wa Juni ndi Julayi, ndipo kompyuta ya galimoto imapitiriza kuthira mafuta ochuluka poganiza kuti injini ikadali yozizira. Petulo amatha msanga, oyilo amada msanga, masilinda amadyeka. Chachiwiri n'chakuti pa injini zambiri za masiku ano thermostat ikamatseguka imatsekanso kanjira kachidule kamene madzi amazungulira nako mkati. Ikachotsedwa, kanjirako kamakhala kotseguka nthawi zonse, madzi ena n'kumazemba rediyeta, ndipo galimoto imawira pa chitunda kuposa kale. Chimodzimodzi kulumikiza fani kuti izizungulira nthawi zonse: n'kothandiza kuti munthu akafike kwawo, koma kumasiya sensa kapena relay yowonongeka ili pomwepo ndipo kumapha mota msanga.

Singano yokwera n'kutsika, ndi madzi osowa

Singano imene imakwera, n'kutsika, n'kukweranso kawirikawiri imasonyeza mpweya umene watsekeredwa m'njira ya madzi, kapena madzi ochepa. Apa hita, imene ambiri kuno amaikumbukira miyezi iwiri yokha pa chaka, imasanduka chida chofufuzira. Hita imatenthetsedwa ndi madzi omwewo a injini. Ikamatulutsa mphepo yozizira pomwe geji ili pamwamba, madzi sakufika kumeneko. Phokoso la madzi ogubuduka kuseri kwa dashboard limanenanso zomwezo. Izi zimachitika kwambiri pambuyo posintha payipi kapena rediyeta, ngati makaniko anathira madzi mothamanga osatulutsa mpweya. Kutulutsa kwake n'kuimika galimoto mutu uli chokwera, kuika hita pa kutentha, kuthira pang'onopang'ono injini ili yozizira, ndi kuilola ilire mpaka thermostat itatseguka ndi thovu litatha.

Madzi a mu rediyeta sayenera kuchepa. Galimoto imene imafuna kuonjezeredwa sabata ndi sabata ikudontha penapake, ngakhale pansi pakhale pouma. Kabotolo ka pulasitiki ka pambali kali ndi mizere iwiri, ndipo madzi ayenera kukhala pakati pake injini ili yozizira. Koma kabotoloko kakhoza kukhala kodzaza rediyeta ili yopanda kanthu, ngati chivundikiro chalephera kukoka madzi kubwerera injini ikamazizira. Choncho m'mawa, galimoto isanalizidwe, muyang'anidwe monse muwiri. Galimoto zambiri za ku Ulaya zilibe chivundikiro pa rediyeta, ndipo kabotoloko ndiko kamasunga puresha, kotero kuti nakonso n'koopsa kukatsegula kali kotentha.

Malo odontha amasiya chizindikiro: zouma zoyera, zobiriwira kapena zapinki m'malumikiziro a mapayipi, m'mphepete mwa mitu ya rediyeta, ndi pansi pa pampu pamene pali kabowo kamene kamayamba kuchucha pampu ikamatha. M'mbali mwa injini muli tizitsekero tachitsulo tozungulira timene timabooka ndi dzimbiri. Kapeti wonyowa kutsogolo, fungo lotsekemera m'galimoto ndi galasi lochita nthunzi zimaloza hita yobooka. Kudontha kwina kumachitika pokhapokha madzi ali otentha ndi opanikizidwa, n'kuuma asanagwe pansi. Njira yodalirika ndiyo pressure test: kapampu ka dzanja kamamangidwa pamalo pa chivundikiro injini ili yozizira, n'kupopa kufika pa muyeso wolembedwa. Puresha ikamatsika, pali pobooka, ndipo nthawi zambiri dontho limaonekera. Kapampu komweko kamayesanso chivundikiro.

Dzira laliwisi, fodya wopera kapena tsabola zimene ena amathira mu rediyeta zimatsekadi kabowo kakang'ono kwa maola angapo. Zimatsekanso timachubu ta hita ndi ta rediyeta tomwe tinali tabwino.

Gasiketi ya mutu

Mawu amene mwini galimoto aliyense amaopa ndi akuti gasiketi yapsa. Gasiketiyi imakhala pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, ndipo imalekanitsa zinthu zitatu: moto wa m'masilinda, madzi ndi oyilo. Injini ikatentha mopyola, mutu wa aluminiyamu umafufuma n'kupindika, gasiketi n'kusiya kugwira. Nthawi zambiri, tsono, gasiketi yopsa ndi zotsatira za kuwira, osati chiyambi chake. Koma ikangopsa imasanduka gwero la kuwira kwatsopano, chifukwa utsi wa m'silinda umalowa m'madzi n'kuwakankhira kunja.

Zizindikiro zake ndi thovu losatha pakamwa pa rediyeta injini ikulira, mapayipi olimba gwa patangopita kanthawi kochepa chilizireni injini yozizira, kabotolo kosefukira, utsi woyera wonunkhira motsekemera umene sukutha injini itatentha, oyilo wosanduka ngati tiyi wamkaka, ndi injini yonjenjemera poiliza m'mawa chifukwa madzi agona m'silinda. Pulagi imodzi yoyera mbee pakati pa zinzake zodera imasonyeza silinda imene ikutsukidwa ndi nthunzi.

Komabe chizindikiro chimodzi sichikwanira kugamula mlandu wodula chonchi. Nthunzi yoyera ku ekizozi m'mawa wozizira wa Juni n'njachibadwa ndipo imatha pakapita mphindi zochepa. Zoyera pang'ono kunsi kwa chitsekero cha oyilo zimapezekanso pa galimoto yongoyenda maulendo afupiafupi. Mafuta apinki osakanikirana ndi madzi mu rediyeta ya galimoto ya automatic akhoza kuchokera ku giyabokosi, osati ku gasiketi. Ndipo gasiketi ikhoza kupsa oyilo ali woyera bwinobwino, ngati yabooka pakati pa silinda ndi madzi pokha. Mutu usanatsitsidwe, pakhale umboni. Pali mankhwala abuluu amene amaikidwa m'kachubu pakamwa pa rediyeta: utsi wa injini ukamadutsa m'madzi, amasanduka achikasu pa petulo, obiriwira pa dizilo. Compression test imaonetsa silinda imene yafooka. Mwini galimoto ali ndi ufulu wopempha kuti aone zotsatira za mayeso amenewa ndi maso ake.

Pa msewu, singano ikakwera

Galimoto zambiri zing'onozing'ono zimene zadzaza m'misewu yathu, monga Vitz, Passo ndi Fit, zilibe geji ya singano. Zili ndi kanyali kabuluu kapena kobiriwira kosonyeza kuti injini ikadali yozizira, ndi kofiira kosonyeza kuti yatentha. Kofiirako kakayaka, nthawi yoganiza yatha kale.

Singano ikangoyamba kudutsa malo ake a masiku onse, AC izimitsidwe, hita itsegulidwe mpaka pamapeto ndi mawindo otsegula. N'zowawa masana a ku Nsanje, kumene kutentha kumapyola madigiri 40, koma hita ndi rediyeta yaing'ono ndipo imachotsako kutentha. Singano ikafika pofiira, nthunzi ikaoneka, kapena injini ikayamba kugogoda ndi kufooka, galimoto ipatuke n'kuzimitsidwa, zikwangwani zochenjeza ziikidwe kutsogolo ndi kumbuyo. Makilomita awiri oumirira ndi amene amasiyanitsa kugula payipi ndi kunoka kwa injini.

Chinyengo choopsa kwambiri ndi singano imene inali pofiira n'kugwa yokha mwadzidzidzi. Dalaivala amapumira m'mwamba poganiza kuti zatheka. Kawirikawiri zikutanthauza kuti madzi atheratu ndipo sensa yatsala pouma, ilibe choyeza. Injini pa nthawiyo ikupsa.

Chivundikiro chisatsegulidwe injini ili yotentha. Madzi a mkatimo akhoza kukhala pa madigiri oposa 110, ndipo puresha ikachoka amasanduka nthunzi kamodzin'kamodzi n'kutumphukira kumaso ndi m'manja. Padutse theka la ola kapena kuposerapo, mpaka payipi ya pamwamba itafewa ndi kugwirika. Potsegula, nsalu yochindikala iphimbe chivundikiro, chipotokoledwe pang'ono kuti mpweya utuluke kaye. Kukhuthulira madzi ozizira pamwamba pa injini yotentha, kapena kuwathira mothamanga mkati mwake, kumang'alula mutu. Pangozi, madzi aukhondo alionse ndi abwino kuposa kuyenda pouma, koma athiridwe pang'onopang'ono injini itazizira, ndipo asinthidwe ulendo ukatha.

Chimene chiyenera kukhala mu rediyeta

Ku mayiko ozizira coolant amamudziwa ngati mankhwala oletsa madzi kuundana, ndipo n'chifukwa chake ambiri kuno amati sakutikhudza. Ntchito yake ina ndi imene ikutikhudza: amateteza aluminiyamu ndi chitsulo ku dzimbiri, amasunga labala wa pampu, ndipo akasakanizidwa theka ndi theka amakweza malire a kuwira ndi madigiri pafupifupi 7 kapena 8. Wina amagulitsidwa wosakaniza kale, wina amafuna kusakaniza ndi madzi osungunulidwa opanda mchere, ndipo botolo limanena. Kuthira wosasungunula yekhayekha si nzeru, pakuti madzi ndiwo amanyamula kutentha bwino kuposa mankhwalawo. Mtundu wa coolant, kaya wobiriwira, wofiira, wapinki kapena wabuluu, ndi utoto chabe ndipo sutsimikizira kuti awiri angasakanizidwe. Wamtundu wakale amasinthidwa pakatha zaka ziwiri, wokhalitsa amafika zaka zisanu. Galimoto yogulidwa kale, imene mbiri yake sidziwika, ndi bwino kuitsuka n'kuyambira pamenepo. Mankhwala a ethylene glycol amene ali mu coolant wambiri amatsekemera koma ndi poizoni wakupha, choncho asasungidwe m'botolo la zakumwa, ndipo wotayika asasiyidwe pamene ana ndi agalu amafika.

Eni galimoto za hybrid monga Prius ndi Aqua adziwe kuti zili ndi njira ziwiri za madzi, ya injini ndi ya zipangizo za magetsi, iliyonse ndi kabotolo kake. Pa Aqua ndi pa Prius zoyambira m'chaka cha 2009, pampu ya injini imayendera magetsi, osati lamba, motero ikafa sipamveka phokoso lochenjeza.

Gasiketi ikatsimikizika kuti yapsa, kusintha iyo yokha si kukonza. Mutu uyenera kupimidwa ngati wapindika ndi kuyesedwa ngati uli ndi mng'alu, ndipo wopindika upalidwe pa makina popanda kupyola malire amene opanga anaika. Mabawuti ake amamangidwa motsatira ndondomeko ndi sipanala yoyeza mphamvu, osati mongoyerekeza ndi mkono, ndipo pa injini zina mabawutiwo sagwiritsidwanso ntchito kachiwiri. Oyilo ndi fyuluta zisinthidwe. Koposa zonse, makaniko afotokoze chimene chinawiritsa injini poyamba, chifukwa rediyeta yotsekeka kapena fani yakufa imene yabwezeredwa pa injini yokonzedwa idzapsereza gasiketi yatsopanoyo pa chitunda choyamba. M'sabata yoyamba galimoto itatuluka ku galaja, mulingo wa madzi uyang'anidwe m'mawa uliwonse. Ukhoza kutsika pang'ono tsiku loyamba kapena lachiwiri pamene mpweya wotsalira ukutuluka, koma ukapitirira kutsika, galimoto ibwerere ku galaja isanapite ulendo wautali.